Mwana wa Mkhristu aphunzire kuti? Sukulu ya pakhomo poyerekeza ndi njira zina

Mukafunsa makolo achikhristu amene amaphunzitsa ana awo pakhomo chifukwa chimene anachitira zimenezi, ambiri amatsegula pa Deuteronomo 6:6-7. Pamenepo Aisiraeli akuuzidwa kuti mawu a Mulungu akhale pamtima pawo, ndipo aziwaphunzitsa ana awo pokhala m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Ena amawonjezera Aefeso 6:4 ndi Miyambo 22:6. Funso lawo ndi lomveka: ngati mwana akhala m'manja mwa anthu ena kuyambira m'mawa mpaka masana, masiku asanu pa mlungu, kwa zaka 12 kapena kuposerapo, kholo limuumba nthawi yanji? Chotsala ndi madzulo, mwana atatopa, kholo nalo litatopa.

Malemba amenewa amasenzetsa kholo udindo, ndipo palibe mphunzitsi kapena m'busa amene angalilandire katunduyo. Koma sanena malo amene mwana ayenera kuphunzirira masamu. Mose anaphunzira nzeru zonse za Aigupto (Machitidwe 7:22). Danieli ndi anzake anachita zaka zitatu akuphunzira chinenero ndi zolemba za Ababulo. Paulo anaphunzira pamapazi a Gamaliyeli. Timoteyo, amene bambo ake anali Mgiriki, anadziwa Malemba kuyambira ali wamng'ono kudzera mwa amayi ake a Yunike ndi agogo ake a Loisi. Mbiri ya mpingo nayonso siloza mbali imodzi. Mu 1524 Martin Luther analembera akuluakulu a mizinda ya ku Germany kuti akhazikitse sukulu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti makolo ambiri alibe luso kapena nthawi yophunzitsa ana awo. Msonkhano waukulu wachiwiri wa mpingo wa Katolika wa ku Vatican, mu 1965, unanena m'chikalata chake china kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo, koma chikalata chomwecho chinalimbikitsanso sukulu za mpingo. Choncho kuphunzitsa ana pakhomo ndi nkhani yofuna nzeru ndi chikumbumtima. Si lamulo la nambala 11, ndipo amene amakuika ngati lamulo amalemetsa abale awo popanda chifukwa.

Kumene mchitidwewu unachokera

Kuphunzitsa ana pakhomo monga tikukudziwira lero kunakula kwambiri ku America. Mu 1962 ndi 1963 khoti lalikulu la dzikolo linaletsa mapemphero okonzedwa ndi boma komanso kuwerenga Baibulo mwachipembedzo m'sukulu za boma, ndipo Akhristu ambiri anayamba kuona sukuluzo ngati zachilendo kwa iwo. M'zaka za m'ma 1970 Raymond ndi Dorothy Moore, a mpingo wa Seventh-day Adventist, ankaphunzitsa kuti mwana asathamangitsidwe kukalowa m'kalasi asanakwanitse zaka 8 kapena 10, ndipo maganizo awo anafalikira atayankhula pa pulogalamu yachikhristu ya pawailesi ya James Dobson. Mu 1983 maloya Michael Farris ndi Michael Smith anayambitsa bungwe la Home School Legal Defense Association loteteza mabanja otere m'makhoti, ndipo pofika 1993 kuphunzitsa pakhomo kunali kololedwa m'zigawo zonse 50 za dzikolo. Panalinso ena monga John Holt amene ankalimbikitsa zomwezo pa zifukwa zosakhudza chipembedzo.

Mbiri imeneyi ndi yofunika chifukwa mabuku ambiri achikhristu ophunzitsira pakhomo amachokera komweko, ndipo amabwera atanyamula mbiri ya America, ndale zake ndi mikangano yake. Ndi yofunikanso chifukwa imaonetsa kuti zolinga zimasakanikirana. Pa kafukufuku amene boma la America linachita mu 2016, ana pafupifupi 1.7 miliyoni ankaphunzira pakhomo. Mwa makolo awo, 80 pa 100 alionse anatchula nkhawa ndi mmene zinthu zilili kusukulu, monga chitetezo, mankhwala osokoneza bongo ndi anzawo oipa, pamene amene anatchula kufuna kuphunzitsa zachipembedzo anali 51 pa 100 alionse. Kuthawa chinthu ndi kufuna chinthu si zofanana, ngakhale zonse zitavala malaya a chikhulupiriro.

Musanayerekeze chilichonse, funsani lamulo

Kuli mayiko kumene funsoli linayankhidwa kale ndi boma. Ku Germany mwana aliyense amayenera kupita kusukulu, ndipo khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagwirizana ndi bomalo pa mlandu wa banja la Konrad mu 2006 komanso wa banja la Wunderlich mu 2019. Banja la Romeike linachoka ku Germany mu 2008 kupita ku America pothawa zilango chifukwa chophunzitsa ana awo pakhomo pa zifukwa zachikhristu. Ku France, lamulo la mu 2021 linasintha zinthu moti kuyambira 2022 kholo limayenera kupempha chilolezo, ndipo chimaperekedwa pa zifukwa zochepa chabe. Ku England lamulo la maphunziro la mu 1996 limati kholo lionetsetse kuti mwana akulandira maphunziro oyenera, kaya kusukulu kapena mwanjira ina. Ku South Africa n'kololedwa, koma mwanayo amayenera kulembetsedwa ku dipatimenti ya maphunziro ya chigawo chake. Chikalata cha ufulu wa anthu cha United Nations cha mu 1948 chimati makolo ndiwo oyamba kukhala ndi ufulu wosankha mtundu wa maphunziro a ana awo, koma chikalata chomwecho chimatinso maphunziro oyambirira akhale okakamiza. Mkhristu amene amawerenga Aroma 13, pamene pamanena za kumvera olamulira, sangangodumpha nkhaniyi. Pitani ku ofesi ya maphunziro, funsani, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Kuphunzitsa pakhomo kotheratu

Ubwino waukulu wa njirayi ndi nthawi. Mwana wa zaka 6 kapena 7 amene ali ndi mphunzitsi wakewake amatha kumaliza zowerenga, zolemba ndi masamu a tsikulo m'maola awiri kapena atatu, chifukwa palibe kudikira anzake kapena kuthamangira belu. Akasokonezeka pa kugawa manambala, mumaima pomwepo mpaka amvetse. Akathamanga pa kuwerenga, simumugwira mwendo. Chikhulupiriro sichikhala phunziro la mphindi 30 lopanikizidwa pakati pa maphunziro ena: funso lokhudza imfa, bodza kapena kukhululuka limayankhidwa pa nthawi imene labuka. Kwa mwana wodwaladwala, amene akuzunzidwa ndi anzake, kapena wa m'banja losamukasamuka ngati la amishonale, njirayi nthawi zina imakhala yokhayo yanzeru.

Mtengo wake ndi waukulu kuposa mmene okonda njirayi amanenera. Kholo limodzi limasiya ntchito kapena kuchepetsa bizinesi, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndi mayi. Bambo amene akuti "tikuphunzitsa ana pakhomo" pamene iye amachoka m'mawa n'kubwera usiku ayenera kuvomereza kuti akupempha mkazi wake kugwira ntchito ya tsiku lonse kwa zaka zambiri, yopanda malipiro ndi tchuthi. Aefeso 6:4 ikulankhula kwa abambo, koma choko chimagwidwa ndi amayi. Ngati mayiyo walowamo mongomvera mwamuna wake kapena abusa, kutopa kwake kudzaonekera pa ana.

Pali vuto linanso limene limakhudza cholinga chenichenicho. Munthu mmodzi akakhala mayi, mphunzitsi, wochonga mayeso, wopereka chilango komanso wotsogolera mapemphero, mwana alibe kopumira. Mkangano wa pa masamu wa m'mawa umafika mpaka pa pemphero la madzulo. Mwana wa kusukulu amatha kudana ndi mphunzitsi wake n'kubwera kunyumba kudzadandaula kwa amayi ake. Wa pakhomo akadandaule kwa ndani? Vesi lomwe lija limene limalamula kulera ana m'chilangizo cha Ambuye limayamba ndi chenjezo lakuti musawakwiyitse. Ana ena amene anakulira m'nyumba zotere amadzataya sukulu ndi chikhulupiriro limodzi, chifukwa kwa iwo zinali chinthu chimodzi.

Anthu amakonda kutchula Susanna Wesley, mayi wa John ndi Charles Wesley amene anayambitsa Chimethodisti ku England, monga chitsanzo. N'zoona kuti ankaphunzitsa ana ake m'nyumba ya ubusa ku Epworth maola 6 pa tsiku, ndipo ankapatula nthawi mlungu uliwonse yocheza ndi mwana aliyense payekha. Tsiku la John linali Lachinayi. Chimene chimaiwalika n'chakuti John atakwanitsa zaka 10 anatumizidwa ku sukulu ya Charterhouse ku London, ndipo Charles anapita ku Westminster. Mayiyo anayala maziko, ena anamangapo.

Nanga ana a pakhomo amakhoza bwino? Mudzamva kuti amaposa anzawo pa mayeso, ndipo chimodzi mwa zotchulidwa kwambiri ndi kafukufuku wa Lawrence Rudner wa mu 1999 amene anaona zotsatira za ana oposa 20,000. Anawo anakhozadi bwino, koma anali ochokera m'mabanja amene anasankha okha kulemba mayesowo kudzera ku yunivesite yachikhristu ya Bob Jones University (BJU), ambiri a makolo awiri, ophunzira ndi opeza bwinoko. Rudner mwiniyo anachenjeza kuti zotsatirazo sizikutsimikiza kuti kuphunzira pakhomo kumaposa sukulu. Zimene tinganene mosakayika n'zakuti makolo odzipereka, okhala ndi nthawi ndi mabuku, amatha kuphunzitsa bwino. Za mabanja amene mwana amangokhala popanda womuyesa, ziwerengero zotere sizinenapo kanthu.

Ndipo tisabise: kumene kulibe mphunzitsi kapena munthu wina wakunja woona mwana tsiku ndi tsiku, nkhanza zimabisika mosavuta. Mabanja ambiri ophunzitsa pakhomo amakonda ana awo kwambiri, komabe banja lachikhristu siliyenera kukhumudwa boma kapena mpingo ukafuna kuona mwanayo. Amene amakhulupirira kuti mtima wa munthu ndi wonyenga ayenera kukhala woyamba kulola maso ena.

Mabuku ake ati?

Banja likasankha pakhomo, limakumana ndi mphambano ina. Accelerated Christian Education (ACE), imene anayambitsa Donald Howard ku Texas mu 1970, imagwiritsa ntchito timabuku totchedwa PACE: mwana amawerenga yekha, kudzaza mayankho, kudzichonga, n'kulemba mayeso a kabukuko asanapite pa kotsatira. Imapeputsa kholo, makamaka lokhala ndi ana angapo a misinkhu yosiyana, koma imatsamira pa kuloweza ndi kudzaza mipata, ndipo mwana sazolowera kulemba nkhani yaitali kapena kutsutsana ndi mfundo. Abeka, ya ku Pensacola ku Florida, ndi BJU Press zimafanana ndi sukulu wamba: buku la mwana, buku la mphunzitsi, ndondomeko ya tsiku lililonse, ndipo pali mavidiyo a aphunzitsi. Kholo losadzidalira limapeza pogwira, kungoti ntchito yake ndi yambiri ndipo mbiri imene ilimo ndi ya America poyamba. Akatolika ali ndi zawo, monga Seton Home Study School.

Njira ya Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku England amene anamwalira mu 1923, ndi yosiyana. Maphunziro amakhala aafupi, mwana amawerengeredwa mabuku abwino enieni m'malo mwa timabuku ta mafunso, kenaka amafotokoza m'mawu akeake zimene wamva, ndipo amakhala nthawi yaitali panja akuyang'ana zolengedwa. Kwa ana aang'ono, ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi imene imagwiritsa ntchito bwino ubwino wa pakhomo, chifukwa sikopera kalasi n'kuibweretsa pabalaza. Imafuna kholo lokonda kuwerenga ndiponso mabuku opezeka pafupi.

Pa sayansi m'pofunika maso. Mabuku ambiri mwa amenewa amaphunzitsa kuti dziko lili ndi zaka masauzande ochepa. Akhristu okhulupirika amasiyana maganizo pa kawerengedwe ka Genesis 1, ndipo banja lili ndi ufulu wophunzitsa zimene limakhulupirira. Koma mwana amene adzalembe mayeso a bayoloje kapena kudzaphunzira udokotala ayenera kudziwa bwinobwino zimene asayansi amanena ndi zifukwa zawo, osati chithunzi chopotoka chosavuta kugwetsa. Buku lina la ACE linkatchula chilombo cha m'nyanja ya Loch Ness ngati umboni wotsutsa chiphunzitso cha kusandulika kwa zamoyo. Mwana akadzazindikira kuti anauzidwa zoterezi m'dzina la Mulungu, amayamba kukayikira ndi zoona zomwe.

Funso la satifiketi lifunsidwe mwana asanafike kusekondale. Pepala losindikizidwa ndi kampani ya mabuku si yunivesite iliyonse imene imalilandira. Mabanja ambiri kunja kwa America amaphunzitsa ndi mabuku achikhristu m'zaka zoyamba, kenaka n'kusamukira ku silabasi ya mayeso odziwika, monga Cambridge IGCSE, amene mwana angalembe ngati wodziimira payekha pa malo ovomerezeka. Pa maphunziro a sayansi a IGCSE pali pepala lolemba lolowa m'malo mwa mayeso a mu labotale, zimene zimathandiza ana a pakhomo, ngakhale kuti kuwerenga za kuyesa mankhwala sikufanana ndi kugwira botolo ndi manja.

Mabanja angapo kuphunzitsa pamodzi

Mutu umodzi susenza denga, ndipo mabanja ambiri ophunzitsa pakhomo amazindikira zimenezi chaka choyamba chisanathe. Amagwirizana kukumana tsiku limodzi kapena awiri pa mlungu, kawirikawiri m'chipinda cha tchalitchi: wodziwa masamu amatenga ana onse pa masamu, namwino amatenga bayoloje, wina nyimbo. Ku America kulinso sukulu zimene ana amapitako masiku awiri kapena atatu, masiku enawo n'kumagwira ntchito kunyumba moyang'aniridwa ndi makolo. Njirayi imachiza mabala ambiri a njira yoyamba ija. Mwana amapeza anzake, amaphunzira kumvera munthu amene si mayi ake, amazolowera kupereka ntchito pa tsiku loikidwa, ndipo pali akuluakulu ena omuona. Mayi nayenso amapeza womufunsa.

Zovuta zake ndi za anthu. Gulu lotere limayenda bwino mpaka tsiku limene mabanja asiyana pa ubatizo, pa kavalidwe kapena pa chilango, kapena banja limodzi lokhala ndi mphunzitsi wa masamu lasamuka. Limafuna malamulo olembedwa otetezera ana, chifukwa kupemphera pamodzi si umboni wakuti munthu ndi wodalirika pa ana. Ndipo likakula limasanduka sukulu pamaso pa boma. Ku England, malo ophunzitsa ana asanu kapena kuposerapo nthawi yonse amayenera kulembetsedwa ngati sukulu, ndipo kuyendetsa sukulu yosalembetsa ndi mlandu.

Sukulu za pa intaneti tingazitchule mwachidule. Zimapereka aphunzitsi odziwa ntchito ndi njira ya ku mayeso, choncho zimathandiza pa makalasi apamwamba. Koma mwana wamng'ono sangakhale pa kompyuta tsiku lonse popanda wamkulu pambali, ndipo banja limene linachotsa mwana kusukulu poopa zoipa za m'dziko liganize kawiri lisanamusiye yekha ndi intaneti.

Sukulu yachikhristu

Pano dzina limanyenga. Pali sukulu imene inamangidwa ndi mpingo kalekale, yatsala ndi dzina la woyera mtima ndi pemphero la m'mawa basi. Pali imene imalandira ana a Akhristu okha ndipo makolo amasaina chikhulupiriro cha sukuluyo. Pali imene imalandira aliyense, ikuona ntchito yake ngati utumiki. Zonsezi zikhoza kukhala zabwino, koma sizipereka chinthu chimodzi. Musafunse kuti amapemphera kangati. Funsani mmene amalangira mwana wolakwa, chimene amachita mwana akanena kuti sakhulupiriranso, zaka zimene aphunzitsi awo amakhala asanachoke, ndiponso ngati mphunzitsi wa fizikisi anaphunziradi fizikisi. Sukulu zambiri zotere zimalipira aphunzitsi ndalama zochepa, ndipo changu cha pa Mulungu sichilowa m'malo mwa kudziwa phunziro.

Ubwino wake ndi woonekeratu: makolo onse awiri angathe kugwira ntchito, mwana ali ndi anzake, labotale ndi masewera, ndipo zimene amamva kunyumba sizigwetsedwa m'kalasi. Fizi ndiye chotchinga choyamba. Chachiwiri n'chobisika: kholo limayamba kuganiza kuti lalipira munthu woti agwire ntchito ya pa Deuteronomo 6, n'kusiya kutsegula Baibulo kunyumba. Chachitatu n'chakuti kumene chikhulupiriro chimapatsa malikisi ndi maudindo, ana amaphunzira msanga kuchita chiphamaso. Mwana amatha kuloweza mavesi ambiri n'kulandira mphoto, mtima uli kwina, ndipo palibe amene angazindikire chifukwa mayankho ake onse ndi olondola.

Sukulu ya boma, kulera kukuchitikira kunyumba

Akhristu ochuluka padziko lapansi amatsata njira imeneyi, ena mosankha, ambiri chifukwa palibe ina. Siyenera kuonedwa ngati ya makolo ofooka. Ili ndi aphunzitsi ophunzitsidwa, satifiketi yodziwika, ndipo m'mayiko ambiri ndi kumene mwana wolumala kapena wovutika kuwerenga amapezako thandizo la akatswiri. Ilinso ndi ubwino umene njira zina zilibe: mwana amakumana ndi mafunso ovuta adakali pansi pa denga lanu. Akamva mnzake wa chipembedzo china kapena mphunzitsi wosakhulupirira ali ndi zaka 13, amabwera nazo kunyumba madzulo omwewo. Akadzamva koyamba ali ndi zaka 19 ku yunivesite, inu mudzakhala kutali. Yesu sanapemphere kuti ophunzira ake achotsedwe m'dziko, koma kuti atetezedwe kwa woipayo (Yohane 17:15).

Komabe mfundo yakuti ana athu ndi mchere ndi kuunika kusukulu imagwiritsidwa ntchito mopepuka. Mwana wa zaka 6 si mmishonale. Danieli anafika ku Babulo ali mnyamata wodziwa kale chimene sangadye, ndiponso anali ndi anzake atatu. Pa 1 Akorinto 15:33 pali chenjezo loona lakuti kuyanjana ndi oipa kumawononga makhalidwe abwino, ndipo pali sukulu zina zoopsadi, kumene ana amamenyedwa kapena kugwiriridwa, kumene kuchotsako mwana sikufuna vesi. Pa nkhani zogonana ndi za banja, zimene sukulu imaphunzitsa zingasemphane ndi za mpingo. Mayiko ena amalola kholo kuchotsa mwana pa maphunziro ena otere. Ku England, mwachitsanzo, kholo lingachotse mwana pa phunziro la zipembedzo ndi pa mapemphero a sukulu. Dziwani silabasi, werengani mabuku a mwana wanu, dziwanani ndi aphunzitsi ake.

Njirayi imalephera pamene theka lake lachiwiri silikuchitika. Kutumiza mwana kusukulu mlungu wonse ndi ku Sande sukulu ola limodzi, n'kumayembekeza kuti olalo lipambana, ndi kudzinamiza. Imafuna kuwerenga Malemba pamodzi kawirikawiri, kufunsa zimene mwana wamva ndi kumvetsera yankho mosakalipa, ndiponso mpingo umene uli ndi akuluakulu ena omudziwa mwanayo ndi dzina. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Christian Smith, amene anatsogolera kafukufuku wamkulu wa achinyamata ndi chipembedzo ku America kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anapeza kuti chimene chimaumba kwambiri chikhulupiriro cha achinyamata ndi moyo wachipembedzo wa makolo awo. Zimenezi n'zolimbikitsa kwa kholo limene silingakwanitse fizi, ndipo n'zochititsa mantha kwa tonsefe.

Ndingowonjezerapo kuti masiku ano chipata chachikulu si geti la sukulu. Foni ya m'manja imalowa m'chipinda cha mwana wa pakhomo mofanana ndi cha mwana wa sukulu ya boma. Banja limene lalimbana kwambiri ndi funso la sukulu koma silinakambirane za foni latseka zenera n'kusiya chitseko chili pululu.

Poyeza zonsezi

Ndikaika njirazi pamodzi, ndimaona kuti msinkhu wa mwana ndi umene umasintha yankho kuposa china chilichonse. M'zaka zoyambirira, kufika 9 kapena 10, kholo lodziwa kuwerenga bwino ndiponso lofunadi ntchitoyi likhoza kuphunzitsa zonse zofunika, ndipo phindu la kukhala pafupi ndi mwana ndi lalikulu. Kuyambira kusekondale sikelo imapendekera kwina: maphunziro amafuna akatswiri, mayeso amayandikira, ndipo wachinyamata amafunika malo oyeserako chikhulupiriro chake popanda maso a amayi. Apa gulu la mabanja, sukulu ya masiku ochepa kapena sukulu yeniyeni zimaposa pakhomo pokhapokha. Chosankha chisakhale lumbiro la moyo wonse kapena la ana onse. Mwana wina amakula bwino pakhomo pamene mng'ono wake akufota, ndipo kumutumiza kusukulu si kubwerera m'mbuyo m'chikhulupiriro.

Cholinga nachonso chiyesedwe. Banja limene likunena kuti "tikufuna kumupatsa izi ndi izi" limakhala ndi ndondomeko. Limene likungonena kuti "tikuopa" limathera pa kutsekera mwana, ndipo palibe njira imene imatsimikiza kuti mwana adzakhulupirira. Kutembenuka mtima si chinthu chimene silabasi imatulutsa. Mwamuna ndi mkazi agwirizane ndi mtima wonse, ndipo ngati mmodzi sali wokhulupirira kapena akukayika, kukakamiza kumawononga chimene mukufuna kuteteza. Mipingo imene mabanja ambiri amaphunzitsa pakhomo isamale ndi mayi wolera yekha ana, kapena banja limene onse awiri ayenera kugwira ntchito kuti lidye. Aroma 14, imene imati tisaweruzane pa nkhani za chikumbumtima, inalembedwera nkhani ngati zimenezi.

Amene asankha pakhomo alembe zinthu zingapo mwana asanachoke kusukulu: chimene lamulo likufuna, amene adzaphunzitse phunziro lililonse ndi maola ake, mayeso amene mwana adzalembe pomaliza ndi malo olembera, kumene adzakumane ndi anzake mlungu uliwonse, ndi amene adzagwire ntchitoyi kholo lophunzitsalo likadwala kapena kubereka. Makope ndi zotsatira zisungidwe chaka ndi chaka, chifukwa sukulu imene idzamulandire pambuyo pake idzafuna umboni wa kalasi imene wafika. Kamodzi pa chaka mwanayo ayesedwe ndi mphunzitsi amene si wachibale kapena wa mumpingo mwanu, ndipo mugwirizane pasadakhale kuti zotsatira zikadzaonetsa kuti watsalira pa kuwerenga kapena masamu kwa zaka ziwiri zotsatizana, mudzasintha njira.